Lamba wa Mayi Odila

Pa maliro a Mayi Odila, munthu amene analankhula nthawi yaitali kuposa wansembe anali a Kachingwe. Anaimirira ndi suti yawo ya Lamulungu, chipewa m'manja, nanena kuti dera lonse la Malomo lataya mayi, kuti mzungu ameneyu anali wathuwathu, kuti ankakonda ana a amphawi ngati obala yekha. Pofika pa mawu akuti amphawi anapukuta m'maso ndi mpango. Ine ndinali pansi pakati pa amayi anzanga, ndipo ndinaluma nsonga ya chitenje kuti pakamwa pasatseguke. Ndikanalankhula, maliro aja akanasanduka bwalo la milandu. Ndiye ndikulemba pano, poti papepala palibe wondikoka chitenje kuti ndikhale pansi.

Ine ndine telala. Makina anga akhala pakhonde la sitolo pa Malomo kuyambira ndili mtsikana, ndipo m'pamene Mayi Odila anandipeza. Anali atachoka kwawo ku Falansa kudzagwira ntchito pachipatala cha mishoni, yowongola miyendo ya ana opuwala. Anali mayi wamfupi, wamapewa ngati wonyamula matumba pamsika, khutu lakumanzere lofota ngati bowa wouma, ndipo poyenda ankakoka mwendo umodzi. Anaponya pamakina anga jekete loyera, lolemera, lopanda mabatani, nati ndisoke ena otere okwana ana. Ndinasoka jekete limodzi pogwiritsa ntchito nsalu ya matumba a ufa. Iwo analigwira pakolala ndi manja awiri, nakoka kamodzi, ntchito yanga ya tsiku lonse n'kung'ambika pakati.

"Mwasoka la ku ukwati," anatero. "Ine ndikufuna la ndewu."

Ndinawauza kuti akasoke okha. M'mawa mwake anabweranso ndi chidutswa cha lona choti ndilowetse m'kati mwa kolala, nakhala pansi pakhonde pomwepo mpaka ndinamaliza. Kuyambira tsiku limenelo sitinasiye kukangana, ndipo sitinasiyane.

Masewera awo ankawatcha judo. Ndi kugwetsana, koma kwa malamulo. Anthu awiri amagwirana majekete, aliyense n'kumafunafuna pamene mnzake wapepuka, ndipo akamupeza amamugoneka chagada. Palibe nkhonya, palibe mateche. A mishoni anawapatsa chigafa chakale cha fodya kuseri kwa tchalitchi, iwo n'kuchimangira makoma a njerwa ndi chitseko. Pansi tinayala ziguduli zimene ndinasoka ine, zodzaza makoko a chimanga, ndipo tinkangozitcha mphasa. Mwana wobwera kumene sankaloledwa kugwetsa munthu. Miyezi yoyamba yonse inali yophunzira kugwa: chagada, chammbali, chakutsogolo, chibwano pachifuwa, dzanja kumenya pansi. Ankati munthu woopa pansi amauma thupi, ndipo chouma ndicho chimathyoka. Nthawi imeneyo ukaona mwana wagwa panjinga pa chitunda cha kumsika, n'kugubuduka, n'kudzuka akuseka, umadziwa kumene amapita madzulo.

Za kwawo sankakonda kunena. Ndinazitola pang'onopang'ono, makamaka akakwiya. Ali mtsikana, nyumba zophunzirira judo zinali za amuna okha. Mlongo wawo ndiye ankaphunzira, iwo n'kumakhala pabenchi kumudikira, maso ali pamapazi a anthu. Mphunzitsi anadzawalola kulowa amuna akaweruka, bola akolope pansi akamaliza. Atayamba kuwagwiranitsa ndi amuna, ena ankakana, ena ankavomera ndi cholinga choti awapweteke asadzabwerenso. Khutu lija linafota motero, bondo lija linawonongeka motero. Pamene akuluakulu a masewerawo anadzalola kuti akazi nawonso azipikisana, iwo anali atakula kale kuposa anzawo, koma anagwetsa onse a dziko lawo, nakagwetsanso a mayiko oyandikana nawo. Wolemba nyuzipepala atabwera, anawafunsa ngati amadziwa kuphika, ndi ngati alipo mwamuna wolimba mtima woti angawakwatire. Nkhani imeneyi ankainena akumenya tebulo, ali nkhalamba ya imvi mutu wonse, ngati munthuyo wangotuluka kumene pakhomo.

Chikho chimene anapambana ankamwetsera nkhuku. Mendulo imodzi anandipatsa ine kuti ndizipsinjira nsalu podula, ndipo ndikuigwiritsabe ntchito yomweyo. Chinthu chokha chimene sankalola munthu kukhudza chinali lamba wawo wakuda, wa nsalu, chizindikiro cha munthu amene wafikapo pa judo. Anali atatha mpaka kuyera m'mbali. Mphunzitsi wawo anawamanga lamba ameneyu kuseri kwa chitseko, popanda woonerera, chifukwa amuna akanatuluka. Iwo analumbira kuti adzamumanga m'chiuno mwa mtsikana wina pamaso pa anthu, dzuwa likuswa mtengo.

Lamulo limene linawadanitsa ndi anthu linali la kugwada. Asanagwirane, awiriwo amagwada moyang'anana, n'kuweramitsa mitu mpaka pansi, ndipo akamaliza amateronso. Kuno kwathu wogwada ndi mkazi. Amagwada popereka madzi, amagwada polankhula ndi apongozi, amagwada ngakhale pouzidwa zopusa. Tsono anyamata atauzidwa kuti agwadire atsikana, anayamba kuchepa mmodzimmodzi. Abambo ena anapita kukadandaula kuti mwana wamwamuna akagwadira mkazi amafooka. Mayi Odila anawayankha kuti iwo amagwadira mwana aliyense wolowa m'chigafamo, ndipo wofuna kuona ngati anafooka avale jekete. Palibe anavala. Chigafa chinatsala cha atsikana, ndipo ambiri anali ana a matenanti a pa esiteti ya fodya yoyandikana ndi mishoni, poti kumeneko kunali kokha kumene munthu wamkulu ankawagwadira.

Mmodzi mwa iwo anali Esinati, mwana wa a Mulepa, tenanti wochokera ku Phalombe. Anali atangotha msinkhu, wowonda, wosalankhulalankhula. Zala zake zinali zakuda ndi phula la fodya, ndipo majekete onse amene ankabwera kwa ine kudzasokedwanso anali ndi zala zimenezo pakolala. Akakugwira Esinati wakugwira. Mayi Odila sankayamikira munthu pamaso, koma tsiku lina ananditsinzinira diso nandiuza kuti lamba uja wapeza chiuno.

Kapitawo wa esiteti ija anali a Kachingwe omwewa, amene lero ndi wapampando wa komiti ya tchalitchi. Anali mlamu wa mwini esiteti, yemwe ankakhala ku Lilongwe, ndiye anali khoswe wa pamkhate. Tenanti akakumana nawo panjira ankavula chipewa akadali patali. Nyumba ya tenanti, chakudya chake, munda wake, fodya wake, zonse zinali pakamwa pa munthu ameneyu.

Linali Lamulungu masana, nyengo yosankha fodya. Mayi Odila anali ataitana makolo kuti atatuluka m'tchalitchi adzaone zimene ana aphunzira. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Ine ndinali m'mbali mwa mphasa ndi singano yanga, kudikira chong'ambika. Masewera ali m'kati, a Kachingwe analowa ndi majombo a matope, naponda pamphasa.

"Esinati, tuluka. Fodya akudikira, iwe uli pano kuvina ndi azungu."

"Vulani nsapato, bambo," anatero Mayi Odila. "Pamene mwapondapo timaikapo nkhope."

A Kachingwe anaseka, nayang'ana anthu. "Masewera a ana awa, mayi. Ine ndinagwetsapo amuna enieni ku Chisepo. Tiana iti ndingatigwetse ndi dzanja limodzi, linalo ndikusuta."

"Valani jekete muyese."

Ndinaona maso a Mayi Odila akupita kwa Esinati. Ndinawakoka mkono wa jekete. "Mayi, musatenge ameneyo. Tengani mwana wa aphunzitsi, kapena wa a sitolo. Uyo ndi mwana wa tenanti wawo."

"Pamphasa palibe tenanti, palibe kapitawo," anandiyankha osandiyang'ana n'komwe.

"Mphasa yanu imathera pakhomo apo."

Sanandimve. Maso awo anali akuwala ngati a mwana pamene ankakodola Esinati.

A Kachingwe anavula majombo, navala jekete lalikulu la Mayi Odila. Atauzidwa kuti agwade, anagwada motsanzira mkazi wopereka madzi, kuwomba m'manja ndi kupendeketsa mutu, nati ndi mawu ang'onoang'ono, "Zikomo amayi." Anthu anaseka nawo. Atadzuka anamukankha mwana uja ngati ng'ombe ya pangolo. Esinati anangotembenuka, msana wake n'kulowa kumimba kwawo, ndipo tinaona zidendene za kapitawo zikuloza kudenga. Anagwa chagada, fumbi la makoko n'kuti kobo. Anthu anasekanso, koma tsopano sankaseka nawo. Anadzuka maso ali gwa, namulumphira ndi ukali weniweni, nagwanso chimodzimodzi. Ulendo wachiwiriwu mwana uja anawagwira mkono mpaka pansi kuti mutu usamenye, monga anaphunzitsidwira. Amayi anaimba nthungululu. Mayi Odila anakweza dzanja la Esinati nalengeza kuti pa Pasaka adzamumanga lamba wawo pamaso pa anthu onsewa.

Ine ndinayang'ana a Mulepa. Anali ataima pakhomo, chipewa m'manja, maso pansi, ndipo mwa anthu onse aja ndi iwo okha amene sankaseka. Esinati anagwada kuti atsirize mwambo, koma a Kachingwe anaponya jekete natuluka opanda nsapato. A Mulepa anawerama, natola majombo aja, nawatsatira pambuyo atawanyamula m'manja.

Sabata isanathe kunamveka kuti a Mulepa akhala akugulitsa fodya wa esiteti mozemba kwa mavenda. Palibe anaona fodyayo, palibe anaona venda. Anauzidwa kuti achoke, ndipo fodya amene banja lonse linamusamala kuchokera kunazale, kumupalira, kumuthyola, kumusoka, anatsala m'chigafa cha esiteti. Amayi a nthungululu aja anangoti zii. Abambo amene anagwirana m'mapewa ndi kuseka ankati za eni sizilowereredwa. Wansembe wa nthawi imeneyo anati mpingo sulowerera nkhani za pantchito. Mudzi wonse unadya chiseko, wolipira n'kukhala munthu mmodzi amene sanaseke.

Mayi Odila anabwera pakhonde langa nkhope itagwa, nati ndiwamange chitenje. Zaka zonse zija anali asanavalepo, ankati chimamanga miyendo. Tinayenda wapansi mpaka ku esiteti. A Kachingwe anali pakhonde la ofesi akumwa tiyi. Mayi amene kunja kwa mphasa anali asanagwadirepo munthu, ngakhale bishopu, anagwada pamiyala ndi bondo lawo lowonongeka lija.

"Bambo Kachingwe, wolakwa ndine. Mwana anachita zimene ndinamuuza. Langani ine."

A Kachingwe anauzira tiyi. "Dzukani, mayi, mudetsa chitenje chabwinocho. Za Lamulungu zija ndinaiwala kale, anali masewera. Iyi ndi nkhani ya kuba fodya, ndipo ili m'manja mwa abwana ku Lilongwe."

Mayi Odila sanadzuke. A Kachingwe anamaliza kapu ija, nathira ina, namalizanso, kenako analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Mayi Odila pofuna kudzuka bondo linakana, ndipo ndinachita kuwanyamula m'khwapa. A Kachingwe omwewo ndiwo anapukuta misozi pamaliro.

Banja lija linadutsa pa Malomo pangolo ya ng'ombe, miphika ndi mphasa zili pamwamba, kupita kumsewu waukulu. Esinati anatsika nathamangira kukhonde langa, naika pamakina jekete lake lochapa, lopinda bwino.

"Mukawapatse Mayi Odila, azakhali. Muwauze kuti sindinakwiye."

"Bwanji osakawatsanzika wekha, mwana iwe?"

"Ndikawaona ndilira, ndiye bambo aona."

Anathamangira ngolo ija, ndipo sindinamuonenso.

Iye sanakwiye, koma ine ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Ndinapita ndi jekete lija kwa Mayi Odila n'kuwauza zonse zimene zinali kukhosi. Ndinati akulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kawo kacheka mwana wa eni. Ndinati tsiku lija sankaona Kachingwe, ankaona amuna a ku Falansa amene anawakolopetsa pansi, ndipo anatenga mwana wa tenanti kukhala ndodo yowamenyera. Ndinati iwo akagwa amagwera pa mishoni, pali denga ndi chakudya, nanga Esinati agwera pati. Iwo anaika jekete lija pamiyendo n'kumaliwongola ndi dzanja. Kwa miyezi ingapo sindinawasokere kanthu. Ankasoka okha, misoko yokhotakhota ngati njira ya woledzera, mpaka ndinalephera kupirira kuona ana akuvala zoterozo, n'kupita kukatenga mtolo wonse popanda moni.

Anakhoma msomali pakhoma loyang'ana pakhomo, napachikapo jekete la Esinati ndi lamba wakuda uja pamwamba pake. Pasaka inafika, inapita. Tchuthi chilichonse ankakwera basi kukamufunafuna. Anapita ku Phalombe, kumene anauzidwa kuti a Mulepa sanabwerere kumudzi poti analibe chobwerera nacho. Anayenda m'maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji, kufunsa makapitawo amene sadziwa n'komwe maina a ana a matenanti awo. Wina anati mtsikanayo anakwatiwa ku Mozambiki, wina anati anamuona akugulitsa tomato pa Kasakula. Pa Kasakula anapita ulendo womwewo, nakapeza mtsikana wina.

Atsikana ena anadzafikapo pambuyo pake, ena mpaka kukapikisana ku Lilongwe. Onsewo anawagulira malamba atsopano. Wakale uja sanatsike pamsomali, kupatula pochapa jekete, zimene ankachita okha mwezi ndi mwezi. Ndipo anasintha m'chinthu chimodzi chimene chimandiwawa kuposa zonse. Mwana watsopano akalowa, asanamufunse dzina, ankatembenukira kwa ine n'kufunsa monong'ona kuti ndi mwana wa yani. Funso lathu limenelo, limene anabwera asakulidziwa. Tinawaphunzitsa ife, ndipo ana a matenanti sanawaimikenso kutsogolo pa tsiku la makolo.

Sindikufuna kuwapaka mafuta poti amwalira. Anali aliuma, osamva za munthu, okalipa pa zinthu zazing'ono. Mwana akalowa ndi zikhadabo zazitali ankamubweza ngakhale wayenda kuchokera kuseri kwa phiri. Kwaya ikapempha chigafa kuti iphunzirire nyimbo kukugwa mvula, ankakana chifukwa cha nsapato. Koma analakwa kamodzi, nasenza cholakwacho moyo wawo wonse, pamene amene anachita dala akhala akukwera mipando.

Atadwala matenda omaliza, abale awo a ku Falansa anafuna kuwatenga, iwo n'kukana. Ndinkapita kukawaona masana ndikatseka makina. Tsiku lina anandigwira pakolala ya bulauzi, ndipo ngakhale anali atatha thupi, dzanjalo linali lomwe lija.

"Chigafa chisatsekedwe ndi loko," anatero. "Akabwera, alowe, aone yekha kuti ndinamusungira."

"Mayi, munthu uja pano ndi mayi wa ana, ngati ali moyo."

"Chiuno akadali nacho."

Anaitanitsa a komiti nawauza zomwezo pamaso panga. A Kachingwe, monga wapampando, anagwira pamtima nalonjeza kuti malo amenewa adzakhala a ana mpaka kalekale.

Dzulo ndinapita kuchigafa kuti ndikatenge jekete lija ndikalichape, poti mwezi watha. Fungo linandiuza ndisanafike. Komiti inagwirizana kuti poti mphunzitsi kulibe, malo asangokhala, ndipo wapampando anadzipereka kuwasamala. Ndinasuzumira pawindo. Kuyambira pansi mpaka kudenga mwapachikidwa fodya wa a Kachingwe. Ziguduli za mphasa anazitumbula kuti akutire mabelo, misoko yanga ikuonekabe m'mbali mwake, ndipo makoko anawataya panja pamene mbuzi zikufukula. Pakati penipeni, pamene ana ankagwadirana, paima jeke wodindira fodya. Jekete la Esinati lili pa chogwirira cha jekeyo, lakuda ndi girisi, lasanduka chopukutira m'manja. Msomali ulipo, uli wokha.

Lonjezo lija analisunga mbali imodzi, poti pachitseko palibe loko. Mbuzi zinkakankha chitsekocho n'kumalowa kukadya fodya, ndiye wina anafuna chingwe, natenga chimene chinali pafupi. Chitseko cha chigafa anachimanga ndi lamba wakuda, woyera m'mbali, mfundo ziwiri zothina ngati zomangira mbuzi pamtengo.